JobRunr Pro: tigule kapena tingotaya ndalama?

Mphatso: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo Lachisanu lisanafike. Tili ndi sisitimu ya Spring Boot (chida cholembera mapulogalamu a Java) yomwe tinapangira bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama. Pa 1 mwezi uliwonse imawerengera chiwongoladzanja pa ngongole za mamembala, kenako n'kutumiza ma SMS owakumbutsa zobweza. Zaka ziwiri tayenda ndi @Scheduled basi, njira ya Spring yoyambitsira ntchito pa nthawi yoikika, osadandaula. Ndiye mu Marichi tinawonjezera seva yachiwiri kuti ina ikagwa inzake igwire. Pa 1 Epulo aliyense analandira SMS kawiri, chiwongoladzanja nacho chinalowa kawiri. Mayi wina ogulitsa kaunjika anafika ku ofesi ya bungwelo m'mamawa, foni m'manja, akufunsa kuti ngongole yawo yabereka mapasa liti. Mwezi wotsatira magetsi anathima usiku, jenereta sinalire, ntchito sinayende n'komwe, ndipo tinazindikira pa 3 atatiimbira a maakaunti. Bwana wanga waona JobRunr Pro, mtundu wolipira wa chida choyendetsa ntchito zoterezi, akuti tigule nkhani ithe. Ndi ndalama zakunja, kulipira chaka ndi chaka. Alipo amene anaigwiritsapo ntchito?

Limbani: Dikira kaye aise. Maseva awiri, magetsi kuthima onse n'kugona? Ali m'chipinda chimodzi?

Mphatso: Chimodzi. Usaseke.

Limbani: Ndaseka kale. Ndalamazo gulani mabatire.

Tamanda: Limbani, musiye mnzako afotokoze. Achimwene a Mphatso, za mapasazo si zachilendo. @Scheduled sidziwa kuti kuli seva ina. Seva iliyonse ili ndi wotchi yake m'mutu mwake, nthawi ikakwana iliyonse imayamba ntchito. Mankhwala ake ndi aulere: ShedLock. Mumapanga tebulo limodzi mu database, la magawo anayi okha, name, lock_until, locked_at ndi locked_by. Seva yoyamba kufika imatseka loko, inayo ikapeza potseka imabwerera osachita kanthu. Pamwamba pa method muika @SchedulerLock, mwatha. Ntchito ya masana amodzi imeneyo. Chenjerani ndi lockAtMostFor yekha, malire a nthawi yomwe loko ikhala yotseka: ngati ntchito yanu imatenga mphindi 40 inu n'kuika 10, lokoyo imatseguka yokha ntchito ili m'kati.

a Banda: Mayi Tamanda anena zoona, koma achiza nthenda imodzi mwa ziwiri. ShedLock sikumbuka kanthu. Amene anailemba, Lukáš Křečan, ananeneratu poyera kuti ndi loko chabe, si chokonzera nthawi. Nthawi ikadutsa maseva ali chigonere, yadutsa basi, mudikire mwezi wamawa. Pa vuto la magetsilo mufunika chinthu chosunga ndandanda mu database. Chida china chotchedwa Quartz chakhala chikuchita zimenezo kwa zaka zoposa 20, kwaulere, pa laisensi ya Apache. Ili ndi chomwe amati misfire: ikadzuka n'kupeza kuti nthawi inapitirira, imatsata zomwe munaiuza, kaya kuyendetsa kamodzi pompo, kaya kudumpha, kaya kubweza zonse zomwe zinaphonyedwa. Mukayatsa isClustered, maseva awiriwo amagawana ntchito osaponderezana. Kuyambira Spring Boot 2.0 pali spring-boot-starter-quartz, sizivutanso ngati kale tinkalemba XML mpaka maso kufiira.

Limbani: Madala, matebulo 11 a QRTZ_ chifukwa cha ntchito imodzi ya pamwezi? Kupha nyerere ndi mpini wa khasu.

a Banda: Matebulo sadya nsima, mwana wanga. Amangokhala.

Kondwani: Ine Quartz inandilumapo kuno ku Johannesburg, ndiye ndichenjeze. Tinasiya spring.quartz.jdbc.initialize-schema pa always, mmene zinalili poyeserera. Ma script amene amabwera ndi Quartz amayamba ndi kugwetsa matebulo kenako n'kuwamanganso. Ndiye seva ikangozimitsidwa n'kuyatsidwa, ndandanda yonse yomwe makasitomala anadzikonzera inkafufutika. Tinatha sabata tikuloza chala anthu osalakwa. Komanso mawotchi a maseva ayenera kugwirizana, osasiyana kupitirira sekondi imodzi, apo ayi zimasokonekera. Ndipo Quartz payokha ilibe tsamba loti munthu wa maakaunti atsegule n'kuona ngati ntchito yayenda. Mumakasuzumira m'matebulo nokha.

Yamikani: Ine ndine amene ndikuigwiritsa ntchito Pro, kuntchito kwathu kuno ku Leeds, ndiye ndiiyankhulire pang'ono, chifukwa mwayamba kuiika m'manda isanafe. JobRunr anaiyamba ndi Ronald Dehuysser wa ku Belgium, potengera nzeru ya Hangfire ya anzathu a .NET. Mumalemba lambda wamba, kachidutswa ka code konena ntchito yoti ichitike, JobRunr imaisandutsa JSON n'kuisunga mu database yomwe muli nayo kale. Ntchito ikalephera imayesanso yokha mpaka ka 10, nthawi yodikira ikutalikiratalikira. Ili ndi dashibodi pa port 8000 pomwe mumaona chilichonse: zomwe zikudikira, zomwe zikuyenda, zomwe zagwa, ndi chifukwa chake. Zonsezi zili mu JobRunr yaulere. Za Pro zomwe ife timadalira ndi ma batch: ntchito yaikulu mumaiduladula, membala aliyense kantchito kake, ndipo mumanena kuti ma SMS apite pokhapokha tonse tatha bwino. Pali mizere ya ntchito zofulumira ndi zosafulumira, kuti lipoti la maola awiri lisatsekereze uthenga wa munthu amene akudikira. Palinso kubweza ntchito zobwerezabwereza zomwe zinaphonyedwa seva itagona, lomwe ndi vuto lako lenileni, Mphatso. Ndipo ukalemba imelo amayankha anthu amene analemba chinthucho. Tsiku lomwe zinthu zavuta, chimenecho n'chamtengo wapatali.

Tamanda: Achimwene a Yamikani, ntchito zanu ndi zingati patsiku?

Yamikani: Zambirimbiri, usana ndi usiku.

Tamanda: Ndi pamenepo. A Mphatso, zanu zobwerezabwereza ndi zingati?

Mphatso: Zisanu ndi ziwiri. Chiwongoladzanja, ma SMS, malipoti atatu, kusunga kope la database, ndi kuyanjanitsa ndalama zobwera pafoni usiku uliwonse.

Tamanda: Yaulere imalola zobwerezabwereza mpaka 100. Muli kutali kwambiri ndi mpandawo. Mukufuna kugula lole kuti muzinyamulira thumba limodzi la chimanga kupita kuchigayo.

Yamikani: Koma thumba limenelo ndi ndalama za anthu, mlongo wanga. Likatayika kamodzi, bungwe litaya chikhulupiriro cha mamembala, ndipo kampani ya Mphatso itaya kasitomala. Werengeraninso maola omwe iye ataye akulumikiza izi ndi izo. Maola amenewo si aulere. Ndiponso tinene chilungamo, timakonda kudya zaulere osaganiza kuti wolembayo amadya chiyani.

a Banda: Zoona zimenezo, koma inu mumalipira ndi mapaundi, khadi kungoti psiti zatheka. Kuno kulipira laisensi yakunja ndi ulendo: invoisi, makalata ku banki, kenako kudikira kuti ndalama zakunja zipezeke. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Aliyense amene anali ndi mgwirizano wa chaka ndi kasitomala wolipira m'makwacha, pomwe iye amalipira malaisensi m'madola, anaona zakuda. Ine ndinali nawo atatu otero. Chinthu chomwe chimawerengera ngongole za anthu mwezi ndi mwezi sindingachimangirire ku invoisi yomwe sindikudziwa ngati banki idzailipira pa nthawi yake. Mphatso, ngati bwana wanu aumirira, awalembere ogulitsawo awafunse funso limodzi: laisensi ikatha tisanalipire, ntchito zimapitirira kapena zimaima? Yankho likhale lolembedwa.

Chisomo: Ndawerenga zonse, ndipo ndikuona kuti tikukangana za galimoto pomwe vuto lili pa mlatho. Mphatso, ndikufunse. Ntchito ya chiwongoladzanja ija itayenda kawiri, n'chifukwa chiyani database inavomera kawiri?

Mphatso: Chifukwa imangotenga ngongole iliyonse, kuwerengera, n'kulemba mzere watsopano.

Chisomo: Ndiye ngakhale ugule Pro mawa, mapasa adzabadwanso, ndipo mwina msanga kuposa kale. Taganiza: ntchito yalembera mamembala 300, kenako database yaduka. JobRunr iona kuti yalephera, ichita zomwe inapangidwira, iyesanso. Iyambira pa membala woyamba. Anthu 300 aja alandira kawiri. Ikagwanso pakati, katatu. Kuyesanso kwa ka 10 komwe a Yamikani akutamanda n'kwabwino pokhapokha ntchito yako ili yoti ngakhale uiyendetse kangati zotsatira zake n'zimodzimodzi. Quartz nayo chimodzimodzi ukayatsa requestsRecovery, yomwe imayendetsanso ntchito seva ikafera pakati. Palibe chida chimene chingakulonjeze kuti chinthu chichitika kamodzi ndendende, chifukwa seva ikhoza kufa italemba kale koma isananene kuti yamaliza.

Chochita n'chaching'ono. Pa tebulo la chiwongoladzanja ika lamulo loti nambala ya ngongole pamodzi ndi mwezi zisabwerezedwe. Ngati ndi PostgreSQL, polemba gwiritsa ntchito ON CONFLICT DO NOTHING, yomwe ilipo kuyambira 9.5. Ikabwera kachiwiri, database ingoiyang'ana n'kuikana mwakachetechete. Ma SMS usawatumize m'kati mwa kuwerengera: lemba mzere mu tebulo la mauthenga odikira, mu transaction yomweyo (kuti zonse zilembedwe limodzi kapena zikanike limodzi), ntchito ina iziwatenga n'kuika chizindikiro kuti apita. Kenako usinthe funso lomwe ntchitoyo imafunsa. M'malo moti "kodi lero ndi pa 1?", izifunsa kuti "ndi ngongole ziti zomwe sizinalembedwe chiwongoladzanja cha mwezi wathawu?" ndipo iziyenda ola lililonse. Magetsi akathima pa 1, akabwera pa 2 ipeza ntchito ikudikira, iigwira. Ikayenda pa maseva onse awiri, wachiwiriyo apeza zonse zalembedwa. Mavuto ako onse awiri atha usanaike chida chilichonse chatsopano.

Limbani: Achemwali atseka msika.

Yamikani: Sindikutsutsa, ifenso timalemba chomwecho. Koma njira imeneyo sikuuza munthu kuti ntchito yagwa. Mphatso anadziwa pa 3. Kuona ndi maso zomwe zikuchitika n'kofunikabe.

Chisomo: N'kofunika, ndipo dashibodi ili m'yaulere. Angokumbukira kuti ntchito zomwe zayenda bwino zimachotsedwa pamndandanda pakatha maola 36, kenako n'kufufutidwiratu pakatha ena 72, pokhapokha atasintha. Owerengera mabuku akabwera kumapeto kwa chaka sakapeza kanthu pamenepo. Umboni woti chiwongoladzanja cha Epulo chinalembedwa liti ndiponso ndi seva iti ukhale m'tebulo lanu. Komanso aike dzina ndi mawu achinsinsi pa dashibodiyo, chifukwa imaonetsa zomwe munapatsira ntchito, kuphatikizapo manambala a foni ngati munawaikamo.

Kondwani: Chinanso chomwe JobRunr imaluma nacho: popeza imasunga dzina la class ndi method mu JSON, ukasintha dzina la method pomwe pali ntchito zodikira, zimasowa kolowera. Tizikumbukira tikamakonza code.

a Banda: Ndisanaiwale, Mphatso, tatiikirani mzere wa cron, wonena nthawi yomwe ntchito iziyenda, tiuone.

Mphatso: @Scheduled(cron = "0 30 23 L * *") ndi wa lipoti lotseka mwezi. Wa chiwongoladzanja ndi "0 0 1 1 * *".

a Banda: Seva ili pa nthawi yanji?

Mphatso: UTC.

a Banda: Ndiye lipoti lanu lotseka mwezi limayenda 1:30 m'bandakucha wa pa 1, nthawi ya kwathu kuno, chifukwa mwaika 23:30 pa tsiku lomaliza la mwezi, ndipo ife tili patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Aliyense wobweza ngongole pafoni pakati pa usiku ndi nthawi imeneyo akulowa m'lipoti la mwezi womwe kwa iye watha kale. Ikani zone = "Africa/Blantyre". Mwayi wathu n'ngwakuti sitisintha mawotchi.

Yamikani: Musandikumbutse. Kuno Lamlungu lomaliza la Marichi wotchi imadumpha kuchoka 1 koloko kufika 2 koloko, ndiye 1:30 kulibe usiku umenewo. Mu Okutobala imabwera kawiri. Tinasamutsa ntchito zonse kuzichotsa pa ola limenelo.

Tamanda: Muonenso spring.task.scheduling.pool.size, yonena kuchuluka kwa ntchito zoyenda nthawi imodzi. Mukapanda kuikhudza imakhala pa 1, ndiye ntchito zanu zisanu ndi ziwirizo zimaima pamzere umodzi ngati kuchigayo. Kusunga kope la database kukachedwa, zina zonse zimadikira.

Mphatso: Ndangoyang'ana. Ili pa 1. Ndiye chifukwa chake kuyanjanitsa kwa usiku nthawi zina kumayamba mochedwa ndi ola lathunthu, ife n'kumati ndi netiweki.

Limbani: Netiweki yosauka, imasenza milandu ya eni ake.

Yamikani: Ine ndikadali pomwe ndinali: tsiku lomwe mudzakhale ndi mabungwe khumi pa sisitimu imodzi, aliyense ndi mamembala masauzande, mudzaifuna Pro, ndipo mudzapeza kuti kulemba ma batch anu n'kodula kuposa laisensi. Ubwino wake, mukayamba ndi yaulere, kusamukira ku Pro sikufuna kulembanso zonse.

a Banda: Tsiku limenelo mabungwe khumiwo ndi amene adzalipire.

Mphatso: Zikomo nonse. Lachisanu ndikauza bwana chonchi: sabata ino ndiika lamulo pa tebulo ndi kusintha ntchito ija momwe anenera achemwali a Chisomo, ndikonza zone ndi pool size. Sabata yamawa ndiyesa JobRunr yaulere pa seva yoyeserera, makamaka chifukwa cha dashibodi, kuti a maakaunti aziona okha osandiimbira. Kwa ogulitsa tilembabe, tifunse mtengo ndi funso la a Banda lija, kuti bwana aone pepala. A Chisomo, pa tebulo paja pali kale mizere yobwerezedwa ya Epulo, tinangoibweza ndi mizere ina yochotsera. Lamulolo likana kulowa. Ndiyambe ndi kuisamutsa, kapena ndiwonjezere gawo la mtundu wa mzere?

Chisomo: Usafufute kanthu, owerengera mabuku adzaifuna. Nditumizire kapangidwe ka tebulolo kumbali, popanda maina a anthu, ndiliona ndikaweruka.