Za amayi kuchipatala: tikumane Lachinayi

Achemwali (Mufakose, Harare, Zimbabwe): Mwadzuka bwanji nonse? Amayi amwa phala lero. Adokotala a opaleshoni yachiwiri atiuza kuti anachotsa thonje lomwe linatsalira m'mimba pa opaleshoni yoyamba. Mafinya aja ndi kutentha thupi, gwero lake linali limenelo.

Malume (Highfield, Harare): Mulungu alemekezeke. Koma ana inu, musalimbane ndi achipatala. Mawa tidzawafunanso omwewo.

Achemwali: Malume, sitikufuna ndewu. Chikundipweteka ine n'chakuti amayi ankadandaula ululu koma ankangopatsidwa mapiritsi n'kuwabweza kunyumba. Mpaka pano palibe wabwera kudzakhala nafe pansi, ngakhale kunena pepani. Angotipatsa bilu ina.

Achimwene (Mbare, Harare): Bilu ya kulakwa kwawo? Ayi. Tiyambe ndi kalata kwa mkulu wa chipatala. Atifotokozere molemba zomwe zinachitika, atipatse kope la fayilo ya amayi, achotse bilu yachiwiriyo, atiuzenso zomwe asintha. Kuthiyeta amayenera kuwerenga thonje ndi zida asanasoke bala, ndiye anawerenga ndani tsiku limenelo?

Alamu (Dzivarasekwa, Harare): Akapanda kuyankha pali Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe ku Milton Park, imene imamva madandaulo okhudza madokotala. Za anamwino ndi Nurses Council. Koma iwowa amalanga wolakwa, ndalama zachipepeso zimadzera kukhoti. Chipatalacho ndi cha boma, choncho lamulo limafuna kuti tidziwitse boma masiku 60 tisanasume, ndipo pakatha zaka 3 mlandu umafa.

Malume: Nanga mwiniwake mwamufunsa? Mlongo wanga si mwana.

Achemwali: Ndawafunsa. Akuti zakhoti sakuzifuna pakadali pano, akufuna amve pakamwa pa amene anawachita opaleshoni. Kalatayo adzasayina okha.

Chitsiriza (Lilongwe): Ine ndili nawo. Nditumiza 50 dollars pa Mukuru ya mankhwala ndi kombi. Achemwali, jambulani malisiti onse ndi khadi lakuchipatala, muike pano.

Achimwene: Ena tumizani pa EcoCash ya alamu. Kalata ndilemba usiku uno, mawa muione. Tidzapite ndi makope awiri, limodzi atidindire titenge. Malume, mutitsogolere ndinu, akaona wamkulu sangatithamangitse pakhomo.

Malume: Chabwino, ndipita. Koma polankhula ndiyambe ine, ndipo wina asakweze mawu muwodi.

Achemwali: Lachinayi 9 koloko pageti. Ndani atsala ndi amayi Lachitatu usiku? Ine ndili pa shifiti.

Alamu: Ndigona ndine. Mundisiyire ndandanda ya mankhwala.