Mbiri ya Malawi pa MSCE: ndiwerenge bwanji pa intaneti?

Wa Fomu 4:
Akuluakulu, ndikulemba MSCE chaka chino koma mabuku a History ndi ochepa pasukulu pathu. Foni ndili nayo. Ndiyambire pati kuti ndisasochere?

Mphunzitsi wa History:
Yambani mwapeza silabasi kwa aphunzitsi anu, ndiyo ikuuzeni mitu yofufuza. Pofufuza zam'nthawi ya atsamunda lembani "Nyasaland", osati "Malawi", apo ayi Google ikupatsani ndale za lero. Mutu uliwonse muugawe patatu: zoyambitsa, zochitika, zotsatira. Tengani kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915. Zoyambitsa zake ndi thangata m'minda ya azungu, msonkho, komanso kutengera anthu akuda kunkhondo ya azungu. Ambiri amafotokoza mmene kuukirako kudayendera pomwe funso likufuna zifukwa, malikisi n'kupita.

Mayi wa ku Zomba:
Chenjerani ndi manotsi a m'magulu a WhatsApp, zaka amazisokoneza. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba 1953 n'kutha 1963. Ufulu udabwera 1964, koma dziko lidakhala repabuliki 1966. Chaka chilichonse chitsimikizeni m'buku la m'kalasi.

Achimwene:
Mapepala akale a MANEB asungeni ngati PDF, muziwerenga ngakhale bandulo itatha. Poyankha dzitchereni nthawi, mulembe pamanja, aphunzitsi akuchongereni.