Za mtima wa bambo ndi makungwa aja

Paja ndinafunsa ngati makungwa ogulitsidwa pamsika wa Kasungu angakonze mtima wa bambo, womwe unaonongeka mtsempha utatsekeka. Adokotala akuti ayi. Mnofu wa mtima ukafa pamatsala chipsera, ndipo zoti mankhwala ochokera ku zomera angameretse mnofu watsopano akuziyesabe pa makoswe.

Digoxin, mankhwala a mtima a kuchipatala, amachokeradi ku chomera cha foxglove, koma iye amathandiza mtima kupopa mwamphamvu, sameretsa mnofu watsopano. Ngakhale kombe wa ku chigwa cha Shire, uja alenje ankapaka ku mivi, anatulutsa mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Mlingo ukangopitirira, mtima umaima. Nanga botolo la mankhwala a makungwa a pamsika aja, losalembedwa kanthu, mlingo wake angaudziwe ndani?

Mayi alitaya. Bambo akumwa mapiritsi a kuchipatala, mchere m'ndiwo tachepetsa, ngakhale akudandaula kuti nyemba sizikukoma.