VES inati madzi alipo, mjigo watuluka wamchere

Wa rig ku Ngabu: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Site ili kumadzulo kwa Ngabu, pa makande. Tinachita VES (kuyeza nthaka ndi magetsi posaka madzi) katatu, njira ya Schlumberger, AB/2 (theka la mtunda wa pakati pa zitsulo zolowetsa magetsi) mpaka 100 m. Kuyambira 18 m resistivity (mmene nthaka ikukanira magetsi) yatsika kufika 9 ohm-m, tinati mchenga wa madzi ndi umenewu. Taboola 42 m, madzi ndi ambiri ndithu koma EC (muyezo wosonyeza mchere m'madzi) ndi 5,200. Anthu alawa, alavula. Chonsecho 300 m kuchokera pamenepa pali Afridev (mjigo wopopa ndi manja) yakale, EC 900, akumwa bwinobwino. Mwini ntchito akukana kulipira. Ndikaboolenso pati?

Mayi wa ku labu: Meter munaiyesa kaye ndi madzi oyesera a EC 1413? Kuno madzi akakhalitsa mu ndowa amatentha, ndipo EC imakwera pafupifupi 2% pa digiri iliyonse ngati meter siibweza ku 25°C. Komabe 5,200 singatsike kufika pa 3,500, malire a MS 733, muyezo wa Malawi wa madzi a m'mijigo. Ndi mchere basi.

Mdala wa casing: 42 m ndi chiyani achimwene? Pitirirani pansi. Mchere uli pamwamba.

Wa VES ku Nchalo: Pa 9 ohm-m ndi pomwe munagwera. Makina aja sadziwa madzi, amangoyeza mmene magetsi akudutsira m'nthaka. Dongo lonyowa limapereka manambala otsika, mchenga wa madzi amchere chimodzimodzi. Mchenga wa madzi abwino umakonda kukhala pa makumi angapo. Chinanso, layer yopyapyala yamchere kwambiri ndi ina yochindikala yamchere pang'ono zimatha kutulutsa curve (mzere wa zotsatira za VES) yofanana. Software imangokusankhirani imodzi, inu n'kumati ndi zoona.

Mdala wa casing: Curve samwa. Boolani 70 m.

Wa VES ku Nchalo: Mdala, madzi amchere ndi olemera, nthawi zambiri amakhala pansi pa abwino. Ndipo gwero la mchere wa m'chigwa muno si limodzi. Malo ena madzi ali pafupi, dzuwa limawauma mchere n'kutsala. Malo ena akusungunula mchere wa m'dothi lakalekale. Ofufuza ena amaloza ming'alu ngati Mwanza Fault, kuti imakweza madzi ochokera m'miyala yakalekale yotchedwa Karoo. Ngati site iyi ndi ya mtundu wachitatuwo, 70 m yanuyo ndiye kukatunga mchere weniweni. Palibe mapu amene angakuuzeni kusiyana kwa malo awiri otalikirana 300 m.

Wa zamadzi ku Bangula: Musanakokenso rig, yendani ndi meter mijigo ndi zitsime zonse za pa 1 km, lembani EC ndi kuya kwake. Afridev yabwinoyo mwina ili mu mchenga wa khwawa lakale lokwiririka. Kokani profile (kuyeza resistivity motsata mzere) kuchokera pa iyo kulowera pa yanu, muone pomwe manambala ayamba kugwa, mukhale mbali ya manambala okwera. Poboola yezani EC pa strike iliyonse (paliponse mwapeza madzi). Ngati ndi mud rotary (kuboola ndi matope) musakhulupirire madzi obwerera, asakanikirana ndi matope anu omwe. Screen (paipi yamipata yolowera madzi) ikani pa layer yabwino yokha, yamchereyo plain casing (paipi yopanda mipata) ndi simenti. Gravel pack (timiyala tothira mozungulira paipi) ikangodutsa ma layer onse awiri mwawalumikiza, mjigo wapita.

Mayi wa ku labu: Ndipo mukapeza abwino musathamangire pampu ya sola. Kupopa tsiku lonse kumakoka amchere apansi aja. Pa pumping test yezani EC ola lililonse, ikamakwera ndiye mwaona kale.

Mdala wa casing: Ine ndanena, pansi.

Wa zamadzi ku Bangula: Za malipirozo, contract ikuti chiyani pa mjigo wamchere? Ngati inangolemba za wouma, pamenepo mukangana. Siting (kusankha malo oboola) anachita ndani, inu kapena munthu wawo?

Wa VES ku Nchalo: Achimwene a ku Ngabu, Afridev yakale ija ndi yakuya bwanji? Log yake (zolemba za pobowola) ilipo?