Zithunzi za osewera makhadi: ndilembe chiyani pansi pake?

Mphunzitsi wa zaluso: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Tikukonza chionetsero cha ana a Fomu 3, ndipo ndasindikiza zithunzi zitatu za ku Netherlands za m'zaka za m'ma 1600, zonse za anthu osewera makhadi: cha Jan Steen cha mkangano wa pamakhadi (chili ku Berlin), cha Adriaen Brouwer cha alimi omenyana m'nyumba yomwera mowa (ku Munich), ndi cha Pieter de Hooch cha 1658. Ahedi akuti pansi pa chilichonse ndilembe kuti "chenjezo pa kuipa kwa njuga", kuopa makolo. Ziwiri zoyambazo sindikukana. Koma cha De Hooch anthu angokhala phee, dzuwa likuwala pansi, mtsikana akubwera chapakhomo. Chenjezolo lili pati?

Mayi opuma pa uphunzitsi: Mwanawe, ahediwo sanalakwe kwenikweni. Abusa a mpingo wa Reformed nthawi imeneyo ankadzudzula makhadi ndi mayere, ndipo munthu woona zithunzizi anali nazo kale nkhani ziwiri m'mutu: mwana wolowerera wa pa Luka 15, amene ojambula ankakonda kumuika m'nyumba ya mowa akumwaza chuma, ndi asilikali aja ochita maere pa zovala za Yesu. Ndiye makhadi akaoneka pamodzi ndi mowa, fodya ndi mkazi wosekerera, anthu ankadziwa kumene nkhani ikulowera. Pa cha Steen onetsani ana mwamuna wosolola lupanga, mkazi womugwira, ndi zosewerera zomwe zagwa pansi. Ulaliki wonse uli pomwepo.

Wojambula ndi penti: Amayi, ulaliki ulipo, koma mlalikiyo timudziwe. Steen anali Mkatolika, anayendetsapo mofululira mowa ku Delft, ndipo mu 1672 anatsegula nyumba yomwera mowa kwawo ku Leiden. Ankadzijambula yekha pakati pa zidakwa, akuseka. Mpaka lero Adatchi akaona nyumba ya chipwirikiti amati ndi banja la Jan Steen. Ogula zithunzizi anali anthu a ndalama zawo m'matauni, ndipo ine ndimaona kuti ankapachika kuti aziseka alimi oledzera, uku akudzimva kuti iwo ndi aulemu. Mukalemba "chenjezo" pokha, mwabisa theka.

Komanso aphunzitsi, samalani ndi Brouwer. Anabadwira ku Flanders (dera limene lero lili ku Belgium), anagwira ntchito ku Haarlem ndi Amsterdam, n'kukamwalira ku Antwerp mu 1638. Musangomulemba kuti Mdatchi.

Mphunzitsi wa zaluso: Zikomo achimwene, za Brouwer ndikonza. Nanga De Hooch uja?

Woperekeza alendo m'nyumba za zithunzi, London: Vuto lanuli ngakhale akatswiri anakanganapo. Mu 1976 katswiri wa mbiri ya zojambula Eddy de Jongh anakonza chionetsero ku Rijksmuseum, nyumba ya zithunzi ya ku Amsterdam, chosonyeza kuti zinthu wamba m'zithunzizi zili ndi matanthauzo obisika, pozifanizira ndi timabuku ta zithunzi ndi miyambi ta nthawi imeneyo, monga ta mlakatuli Jacob Cats. Mu 1983 katswiri wina, Svetlana Alpers, anatsutsa, nati ojambula achidatchi chidwi chawo chinali pa kuonetsa bwino zimene diso likuona. Ine pantchito ndimatsata lamulo limodzi: ndisanene tanthauzo limene sindingaloze ndi chala. Ngati mkazi akuonetsa khadi la mtima umodzi kwa ife oonera, ndinganene za chikondi. Ngati wina akusuzumira makhadi a mnzake n'kumapereka chizindikiro, monga pa chithunzi cha Caravaggio, wojambula wa ku Italy, chimene chili ku Fort Worth ku America, ndinganene za chinyengo. Pa cha De Hooch, chomwe chili mu Royal Collection (zithunzi za banja lachifumu la ku Britain) kuno, palibe womenya mnzake. Mphamvu zake anathera pa kuwala kolowera pazenera ndi pakhomo. Mlendo akandikakamiza ndimati: makhadi ndi mowa zinali ndi mbiri yoipa, koma pano wojambula sanaweruze munthu.

Mayi opuma pa uphunzitsi: Pamenepo ndagonja. Koma ahedi musawatsutse pagulu, mwanawe. Apatseni chikwangwani chimodzi chachikulu cholowera, chonena kuti mpingo unkadzudzula njuga ndipo ojambula ambiri ankaonetsa mathero ake. Makolo akawerenga chimenecho mtima ukhala pansi. Kenako chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu akeake.

Wojambula ndi penti: Ndipo pa De Hooch ikani funso basi: "Kodi pano pali amene akulakwa? Loza umboni." Ana a Fomu 3 akangana okha. Chinanso, mwasindikiza pa pepala lanji? Chithunzi cha Brouwer ndi chakuda kwambiri, pa A4 nkhope zimangosanduka matope.

Mphunzitsi wa zaluso: A4, lonyezimira.

Wojambula ndi penti: Ayi, bwerezani pa A3, pepala losanyezimira, ndipo musapachike moyang'anana ndi zenera.

Mphunzitsi wa zaluso: Chabwino. Ndilemba mawu anayiwo usiku uno, mawa ndiwaika pano muwaone ndisanapite nawo ku ofesi ya ahedi.