A356 yanga ikutuluka matuza ndikaiwotcha pa 540°C

Mnyamata wa ku Benoni:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimagwira ntchito pafakitale ina youmba zipangizo za aluminiyamu kuno ku Benoni, ku South Africa. Chaka chino tayamba kuumba A356 (aluminiyamu yosakaniza ndi silikoni ndi maginiziyamu) ikadali phala, yosasungunukiratu, njira imene amati rheocasting. Sabata yatha ndinaika zipangizo mung'anjo pa 540°C usiku wonse, kenako ndinazimiza m'madzi, monga timachitira pofuna kuzilimbitsa. Pozivuula, zingapo zinali ndi matuza ngati dzanja lopsa ndi madzi owira. Ndalakwitsa pati? Njirayi ndaikonda kwambiri, sindikufuna abwana aitaye chifukwa cha ine.

Nambewe:
Pepani achimwene, koma ng'anjo yangoulula zomwe zinachitika poumba. Matuzawo ndi mpweya umene unatsekeredwa mkati. Chitsulo chikafewa ndi moto, mpweya uja umafufuma n'kutukula khungu. Ubwino wa phala ndi woti limalowa m'chikombole mofatsa, osathovoka ngati aluminiyamu yamadzimadzi. Ndiye onani liwiro la pisitoni imene imakankhira phala m'chikombole, onaninso ngati simukuchulutsa mafuta opopera chikombole.

Bambo a Tadala:
Mayi anena zoona, koma ine chandiwawa ndi usiku wonsewo. Dulani chipangizo chimodzi, muchipale mpaka chiwale ngati galasi, muchione pa maikulosikopu. Ngati phala linali labwino, muona timibulu toyera tozungulira ngati mikanda, osati tinthambi tangati ta mtengo timene timaoneka m'chitsulo choumbidwa mwachizolowezi. Pakati pa timibuluto pali silikoni wosalala kwambiri, ndipo pa 540°C sachedwa kusanduka timadontho. Maginiziyamu nayenso amasungunukira mkati msanga. A ku CSIR, bungwe la kafukufuku wa sayansi ku Pretoria komweko pafupi ndi inu, anapeza kuti ola limodzi pa 540°C limakwanira, kenako m'madzi, kenako maola 4 pa 180°C kuti timbewu ta maginiziyamu ndi silikoni timere n'kulimbitsa chitsulo. Maola enawo mukungotha magetsi n'kunenepetsa silikoni. Chinanso, yezani ng'anjo yanu ndi choyezera china. Ikadumphira cha m'ma 555°C, zigawo zina zimayamba kusungunuka mkati, ndipo zikatero palibenso chokonza.

Mnyamata wa ku Benoni:
Zikomo bambo, zikomo mayi. Ndadula chimodzi lero masana. Mikanda ija ndaiona, yozungulira bwinobwino, mpaka ndinaitana mnzanga kuti adzaone. Koma pansi pa thuza lililonse pali kabowo kosalala mkati. Lolemba tichepetsa liwiro la pisitoni, ndipo zipangizo 10 zoyamba ndiziwotcha ola limodzi lokha.