Mnyamata wa Form 3 wangoti zii, aphunzitsi aliyense akunena zake

Madamu_Biology, Kasungu
Aphunzitsi anzanga, ndithandizeniko nzeru. Ndine form teacher wa Form 3 pa CDSS ina cha ku Santhe. Ndili ndi mnyamata amene teremu yatha sankatsika pa nambala 5. Pano amakhala kumbuyo, mutu pa desiki, kope lili mbee. Amachita self-boarding, kanyumba ka lendi pa trading ndi anzake awiri. Makolo ake ndi matenanti pa esiteti ya fodya, ndiye ya lendi ndi ufa imadikira fodya agulitsidwe ku Chinkhoma.

A Masamu akuti ndi ulesi, amukumbitsa kale dzenje. A deputy akuti ndi chamba basi. Koma mlonda wathu anandinong'oneza kuti amamupeza usiku atakhala yekha pakhonde la Form 1 mpaka tambala woyamba. Kwanuko mumatani kuti zimene aliyense akuona zikumane, koma nkhani ya mwana isasanduke ndiwo ya mu staff room?

Ahedi_Opuma, Mchinji
Madamu, mlondayo musamupepuse, waona zimene a deputy sanaone. Ndili pa ntchito tinkakumana Lachisanu tikaweruka, anthu ochepa: ma form teacher, wa Life Skills, a deputy ndi mayi mmodzi wa mother group. Tinkatsegula rejisitala n'kuona ana amene ayamba kujomba kapena asintha mwadzidzidzi. Mwana aliyense tinkamupatsa munthu mmodzi yekha wocheza naye, ndipo asakhale yemwe wamupatsa chibalo. Ana amamasuka ndi amene amamasuka naye, nthawi zina ndi wa mpira, nthawi zina ndi ophika.

Lamulo linali lakuti zimene mwana waulula sizibwera pagulu. Wocheza nayeyo amangonena chofunika kuchita: “Uyu musamupatse chibalo mwezi uno,” kapena “uyu tiitane akwawo.” Ahedi anu awauze a Masamuwo kuti dzenje liyambe laima. Mukawauza inu aziona ngati mukuwaphunzitsa ntchito.

Sir_wa_ku_Chulu
Zonsezo n'zabwino, koma tinene chilungamo. Kalasi yodzaza mpaka pakhomo, silabasi ya MANEB ili m'khosi, nthawi tiitenga kuti? Komanso mother group imatsata kwambiri atsikana, za mimba ndi maukwati. Mnyamata ndani amamufunsa? Kuyambira kunyumba amangomva kuti mwamuna salira. Ife kwathu anyamata tinawasiyira sir wa mpira, amacheza nawo akamapopa mpira.

Nesi_NaPhiri
Ine si mphunzitsi, ndimagwira kuchipatala. Kusagona, kudzipatula ndi kutsika m'kalasi zikabwera pamodzi, musadikire Lachisanu. Angakhale matenda a maganizo, ingakhalenso njala chabe, ndipo ngakhale atakhala kuti akusutadi chamba, funso n'lakuti wayambiranji pano. Munthu amene amamukhulupirira akhale naye poduka mphepo, amufunse ngati akudya, ngati akugona, kenako amufunse mosapita m'mbali ngati anaganizapo zodzipha. Ambiri amaopa kuti kufunsa kumamupatsa maganizowo. Ayi, sikutero, ena amapepukidwa kuti wina wafunsa.

Akavomera, chinsinsi chathera pomwepo. Mumuuze kuti muuza ahedi ndi akwawo chifukwa moyo wake ndi wofunika, asagone yekha, ndipo mankhwala ophera tizilombo kapena makoswe achoke m'kanyumbako. Mupite naye kuchipatala cha boma mukafunse oona za maganizo. Makolo akangomva zimenezi amaganiza za ku Zomba Mental, muwalimbitse mtima kuti ambiri amathandizidwa n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Kulinso St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, komanso nambala yaulere ya ana, 116.

Madamu_Biology, Kasungu
Zikomo nonse. Ahedi avomera kuimitsa chibalo, ngakhale a Masamu sanakondwe. Sir wa mpira acheza naye lero, akuti anzake aja anasiya kuphika naye limodzi chifukwa sakusonkha ufa, ndipo eni nyumba akumukumbutsa ya lendi tsiku lililonse. Funso lija a nesi sanamufunse, akuti pakamwa panalemera, ndiye mawa tikhala naye tonse awiri. Makolo alibe foni, tituma uthenga kudzera kwa kapitawo wa pa esiteti. Tiulembe bwanji kuti abwere msanga koma kapitawoyo asadziwe nkhani yonse?